Peleti yothawa ija ndathana nayo tsopano

Abale anzanga okonda mfuti, Loweruka ndinali ku range, malo ophunzirira kuwombera, ndipo mapepala omwe ndabwera nawo ndachita kuwamata pakhoma mu galaja, chifukwa nkhani ya buckshot (makatiriji a mapeleti akuluakulu) yomwe yandisowetsa tulo nyengo yonse yozizirayi, yoti peleti imodzi imathawa pa zinzake ndikawombera, yatheka basi. Mfuti yake ndi shotgun ya pampu, Maverick 88 ya 12 geji, mpope wa mainchesi 18.5, cylinder bore yopanda choke, kutanthauza kuti kukamwa kwa mpope sikunathinitsidwe, yomwe ndinatengera laisensi ya section 13 konkuno ku Joni. Amene mumafunsa kuti bwanji sindinagule semi-auto yomwe imadziloda yokha ukawombera, lamulo la mfuti la kuno, Firearms Control Act ya 2000, silola, pa section 13 yodzitetezera shotgun yake iyenera kukhala yoti si semi-auto, ndiye pampu ndi imene inalipo. Komanso kwa achimwene omwe mwangofika kumene, satifiketi ya competency, yomwe imafunika kuti upeze laisensi, amapereka kwa nzika kapena munthu wa permanent residence yemwe wakwana zaka 21, ndi permit ya ntchito yokha musavutike nkupita kupolisi.

Vuto linali ili. Ndinatenga tepi nkuyeza nyumba yonse, mtunda wautali kwambiri womwe munthu angaone mowongoka ndi kuchoka pakhomo la kuchipinda kudutsa mu kolido mpaka chitseko cha kukhitchini, mamita 9. Ndiye ku range tageti ndimaiika pa mamita 5, pa 10 ndi pa 15. Makatiriji omwe ndinali nawo ndi 00 buck ya mapeleti 9, otchipa aja a 70mm odzaza m'mashopu onse, dzina ndisatchule. Pa 5 zonse bwinobwino. Pa 10 mapeleti 8 amalowa mu pepala la A4 koma imodzi imapita yokhayokha, ulendo uno m'mwamba kumanja, ulendo wina pansi, nthawi zina osaipeza nkomwe pa katoni yonse, umawerenga mabowo nkupeza 8 basi ina yasowa. Wina atha kunena kuti 8 pa 9 si zoipa, koma kuseri kwa chitseko cha kukhitchini kwanga kuli windo, ndipo kuseri kwa windolo kuli ma back room momwe mukugona banja la ana ang'onoang'ono. Peleti ya 00 ndi ya 8.4mm, yokhayo imapha munthu, ndipo iliyonse yotuluka mu mpope umenewu mwini wake ndine, kukhoti sakafunsa kuti inali yachingati.

Ndiye ndinayamba kusakasaka. Ndinatsuka mpope ndi bulashi ya waya mpaka zotsalira za mtovu ndi pulasitiki zonse zitachoka, palibe chinasintha. Ndinawombera nditatsamiritsa mfuti pa benchi kuti tione ngati ndi dzanja, chimodzimodzi. Ndinampatsa mkulu wina wa pa range yemwe wakhala akuwombera ine ndisanabadwe, nayenso peleti inamuthawa. Kenako makatiriji omwewo tinawaika mu Remington 870 ya mnzanga ndipo pattern yake, momwe mapeleti amabalalikira pa tageti, inatuluka yosiyaniranatu, yotambalala kuposa yanga koma yothawayo imangobwera mwa apo ndi apo, bokosi limodzi lomwelo, mipope yofanana kutalika. Apa mpamene mkulu uja anandiuza kuti ndiyang'ane katirijiyo padzuwa poti chikopa chake nchoonekera mkati. Mapeleti 9 amasanjana atatuatatu mizere itatu, mulibe kapu yowasunga, mulibe buffer yodzaza mipata pakati pa mapeleti, mtovu wake wofewa wosakutidwa, ndiye onga ukaphulika a pansi amafinyika, a m'mbali amakhula chitsulo cha mpope nkuphwatalala mbali imodzi, ndipo peleti yomwe siyobulungira siyingayende mowongoka, mphepo imaikhotetsa. Ya mapeleti 8 imasanjana awiriawiri mizere inayi, kufinyana kumachepa, nchifukwa chake anthu ambiri amene amayesa papepala amathera pa 8.

Pakati apa ndinasocheretsedwanso ndi mkangano wa birdshot, makatiriji a timapeleti ting'onoting'ono, mkangano womwe sutha pa braai iliyonse. Amati ika No. 7 basi, mnyumba mtunda ndi waufupi ndipo sibowola khoma. Ine ndakana. Timapeleti timeneti ndi ta mamilimita awiri ndi theka, anatipangira mbalame ndi ma clay, timbale toponya m'mwamba pa masewera, bala lake limaoneka loopsa pamwamba koma silipita mkati, ndiye ganizirani munthu wavala jekete yachikopa ndi juzi ziwiri mu June. A FBI, apolisi ofufuza a ku America, pambuyo pa kuwomberana kwa ku Miami mu 1986, anakhazikitsa muyeso woti chipolopolo chizilowa mainchesi 12 mpaka 18 mu gel yoyesera yofanana ndi mnofu wa munthu, ndipo birdshot siyiyandikira nkomwe pamenepo. Ngati zafika poti moyo wa ana anga uli pachiswe ndikufuna chinthu choimitsa munthu nthawi yomweyo, osati chomupweteka chabe. #4 buck ndinaiyesa, mapeleti 27 a 6.1mm, kuwombera kwake nkokoma ndithu koma pa 10 inadzaza katoni yonse, ndiye ngati imodzi yothawa imandisowetsa tulo nanga 27 ndiziwerenga bwanji. #1 buck ya mapeleti 16 ndi imene mtima wanga umafuna kwambiri koma sindinaipeze pa shelefu paliponse pomwe ndinafika. Slug, ya chipolopolo chimodzi chachikulu, ayi, imeneyo mnyumba ya mu lokeshoni ndi ngozi. Chinanso, kuno mabokosi ena amalemba SSG, AAA, LG, ena amalemba manambala a chi America, inu muziyang'ana mamilimita ndi chiwerengero cha mapeleti pabokosipo musanalipire.

Mavidiyo a ku America onse amakamba za drywall, makoma awo a mabodi, kuti buckshot imadutsa makoma angati. Zathu kuno nzosiyana, makoma ndi a njerwa ndipo njerwa imagwira mapeleti, koma musanyengeke nazo, zitseko zam'kati zambiri nzamphako, siling'i ndi bodi chabe, windo ndi galasi, mipanda ina ndi malata, ndipo peleti ikamenya matailosi kapena pulasitala chopendekera imatha kunjanja nkupita kwina. Ine nditayenda mnyumba ndi maso amenewa ndinasuntha bedi la mwana wamkulu kulichotsa kumbali ya chitseko.

Tsopano chomwe chathetsa nkhani. Federal 00 buck ya mapeleti 8, low recoil yosakankha kwambiri, liwiro la mafiti 1145 pa sekondi (fps), yokhala ndi wad, kapu ya pulasitiki yonyamula mapeleti, ya FliteControl. Wad imeneyi siyitsegukira kutsogolo ngati zinazi, ili ndi timapiko kumbuyo tomwe timaikoka pang'onopang'ono, ndiye mapeleti amayenda ali mu kapu kwa kamtunda asanasiyane, komanso ndi okutidwa ndi kopa ndipo muli buffer. Pa 5 linangokhala bowo limodzi lalikulu, pa 10 onse 8 ndimawaphimba ndi chikhatho, pa 15 onse ali mu A4, ndinabwereza mpaka bokosi kutha ndikuwerenga mabowo ulendo uliwonse, 8, 8, 8, koma ndiye ndinamva bwino abale inu. Kukankha kwake nakonso nkofewa poyerekeza ndi zakale zija za 1325 fps, mayi akunyumba anawombera nane pambali pawo ndipo sanadandaule phewa, pomwe kale ankangowombera kamodzi nkuisiya. Amene muli ndi choke yothina kapena mpope wa ma port, timabowo ta kunsonga kwake, muyese kaye musanagule zambiri, wad imeneyi imakonda cylinder. Komanso dziwani kuti pattern ikathina chonchi zija zoti shotgun umangolozetsa uko nkukoka zatha, pa mamita 9 utha kuphonya bwinobwino, uyenera kuchalira ngati rifle, ndipo yanga ndaona kuti ikumenya m'mwamba pang'ono kuposa pomwe bead, kampira kochalira ka kunsonga kwa mpope, kaloza.

Kupezeka kwake ndiye mutu wina. Ndinaipeza pa kashopu kena ka ku East Rand komwe ndimakonda, mwini wake ndi mdala wosapupuluma, amakulola kugula kabokosi kamodzikamodzi ka mitundu yosiyana kuti ukayese m'malo mokukakamiza katoni yonse, ndipo katundu akafika amaimba foni yekha. Ndi yemweyo anandithandiza chaka chatha pamene ndinkafupikitsa stock, mbali yotsamira paphewa, paja inkanditalikira moti ndikavala jekete dzanja silimafika bwino pa pampu, tinadula pang'ono nkuika recoil pad yatsopano, tsiku lomwelo ndinamangiranso tochi, chifukwa kuwombera chinthu chomwe sukuchiona mumdima ndi momwe anthu amaphera abale awo obwera mochedwa. Mdalayo akuti za ku America zimabwera mwa apo ndi apo ndipo mtengo wake ndi wowawa, ndiye ndatenga zochepa zoti zikhale mu sefu ndi zina zoyesera, zophunzirira pampu ndizigwiritsabe birdshot yotchipa. Paja lamulo limatiletsa kusunga zipolopolo zopitirira 200 pa laisensi imodzi, ndiye ukamayesa mitundu yambiri uyenera kumawerengera zotsala zonse za m'mabokosi otsegula.

Mnyamata wina pa range anandifunsa kuti ndiye akuba akabwera kudzatenga TV muwathira imeneyi? Ayi ndithu. Malamulo a kuno salola kupha munthu chifukwa cha katundu, pokhapokha moyo wako kapena wa wina uli pangozi yeniyeni nthawi yomweyo, ndipo ngakhale lamulo likanalola ine TV atenge. Pulani ya kwathu ndi yoti tonse tisonkhane chipinda chimodzi, geti ya mu kolido yokhoma, panic button, foni kupolisi, mfuti ndi yoti wina akathyola geti imeneyo basi. Masana imakhala mu sefu yomangirira kukhoma.

Kutsogoloku ndikufuna ndimange kakhoma koyesera ku range ina yakunja komwe amalola zotere, mbali ina njerwa imodzi yopulasitala, mbali ina chitseko champhako, ina lata, ina windo lakale, nkuika katoni kuseri kuti ndione ndi maso anga zomwe zikudutsa, mwina ndiphikenso gel wanga ngati firiji angandibwereke. Ndikuganizanso zolowa kalabu kuti ndipeze dedicated status, yoti ndine wowombera wa masewera wovomerezeka, malire a 200 aja achoke ndiyambe mipikisano ya IPSC shotgun, ndipo mwina chaka chamawa ndizilodanso makatiriji anga a mapeleti 8 ndi buffer. Zoteteza makutu za electronic nazo zikufunika zikhale pafupi ndi sefu poti kulira kwa 12 geji mu kolido kumapitirira 150 dB. Amene mwaonako #1 buck pena paliponse mu Gauteng, ngakhale ku Pretoria, ndiuzeni ndikatenge ndiyese pa mtunda womwewu.