Manambala amene timalowetsa m'kompyuta tisanathire phula ku Mangochi kuno

Pulogalamu yowerengera kukhuthala kwa msewu siidziwa kuti Mangochi ndi kuti. Siidziwa makande a m'mbali mwa nyanja ya Malombe, mchenga wa kugombe la Makanjira, ngakhale dzuwa la mu Okutobala. Chimene mwaipatsa ndi chomwecho imatafuna, ndipo ikamaliza imatulutsa pepala looneka bwino, manambala ake akhale oona kapena abodza. N'chifukwa chake, anzanga mainjiniya ndi inu achinyamata amene mwangoyamba kumene ntchito, mabokosi olowetsamo manambala aja musamawadutse mothamanga. Misewu yambiri imene imakumbika msanga imakhala italakwika pomwepo, girededa isanafike n'komwe pamalopo.

Pa misewu ya magalimoto ochepa, ambiri kuno timagwiritsa ntchito pulogalamu ya AfCAP LVR-DCP, imene imatsatira njira ya DCP-DN (yoyeza kulimba kwa nthaka pokhomamo ndodo yachitsulo) ya m'buku la boma la 2013 la misewu yotere. Pa misewu ikuluikulu ngati M3 timatsegula matebulo a SATCC kapena a Overseas Road Note 31, ndipo ena amaonjezera mapulogalamu ngati mePADS kapena KENLAYER. Onsewa amafunsa zofanana: katundu wodutsa, mphamvu ya nthaka, madzi ndi kutentha.

Tiyambe ndi katundu. Msewu suwerenga magalimoto, umamva kulemera kwa ekselo iliyonse. Muyezo wake ndi ekselo ya 80 kN, kapena kuti matani 8.16, ndipo ekselo ina iliyonse timaiyerekeza ndi imeneyi: kulemera kwake kugawa ndi 8.16, yankho kulikweza ku mphamvu ya 4 kapena 4.5. Ekselo ya matani 10, amene ndi malire a lamulo pa ekselo imodzi ya matayala anayi, imaononga ngati maekselo a muyezo 2.3 mukasankha 4, kapena 2.5 mukasankha 4.5. Ya matani 12 imafika pa 4.7 kapena 5.7. Apa mukuona kuti kabokosi kamodzi kameneka kakusintha yankho ndi gawo limodzi mwa magawo asanu. Road Note 31 imagwiritsa ntchito 4.5, choncho ngati matebulo anu ndi a bukulo musasiye 4 chifukwa choti munaipeza kale m'bokosimo. Njinga za kabaza ndi timagalimoto ting'onoting'ono, ngakhale tichuluke bwanji, pa masamu awa sitioneka n'komwe. Lole imodzi ya mchenga wonyowa imaposa tonseto.

Kuwerenga magalimoto kukhale kwa masiku 7 otsatizana, ndipo awiri mwa masikuwa, limodzi la m'kati mwa sabata ndi lina la kumapeto, muwerenge usana ndi usiku. Kuno zimenezi n'zofunika kwambiri chifukwa magalimoto a nsomba ambiri amayenda usiku kapena mbandakucha. Onaninso nyengo: chiwerengero cha mu Febuluwale, msewu wadothi utadulidwa ndi madzi, sichingafanane ndi cha nthawi yokolola. Kulemera nako musakutenge m'buku. Bwerekani sikelo yonyamulika muyeze mbali zonse ziwiri padera, pakuti kawirikawiri lole imapita yodzaza n'kubwerera yopanda kanthu, ndipo mukaphatikiza mbali ziwirizo n'kugawa pakati ndiye kuti mbali yolemerayo mwaichepetsera.

Nachi chitsanzo chongopeka kuti masamu aoneke. Tinene kuti mbali yolemera imadutsa magalimoto akuluakulu 25 pa tsiku, iliyonse yofanana ndi maekselo a muyezo 1.5. Ndiye kuti 37.5 pa tsiku, pafupifupi 13,700 pa chaka. Msewu wa zaka 15, magalimoto akamakula ndi 5 peresenti pa chaka, timachulukitsa ndi 21.58, yankho n'kukhala 0.295 miliyoni. Zimenezo zikukuikani mu gulu la katundu la TLC 0.3 (maekselo a muyezo osaposa 0.3 miliyoni), limene limafuna kuti masentimita 15 apamwamba akhale ndi DN, muyezo wa kulimba umene tiufotokoze pansipa, yosaposa 3.2. Tsopano sinthani bokosi la kakulidwe kukhala 7 peresenti. Chochulukitsira chikhala 25.13, yankho 0.344 miliyoni, ndipo mwalowa mu TLC 0.7 imene ikufuna DN yosaposa 2.6. Gravel amene anali wokwanira uja tsopano sakukwanira. Yankho likagwa pafupi ndi malire chonchi, ine ndimati tengani gulu lapamwamba, makamaka pa msewu umene ukuthiridwa phula koyamba, chifukwa phula limaitana malole amene kale ankazemba njirayo.

Bokosi lina limene ambiri amaliiwala ndi la kutambalala kwa msewu. Phula likaposa mamita 6, mumatenga mbali yolemera yokha. Pakati pa 4.5 ndi 6, mumatenga 80 peresenti ya mbali zonse ziwiri pamodzi. Pakati pa 3.5 ndi 4.5, mbali zonse ziwiri zathunthu. Likachepera 3.5, mbali zonsezo kuchulukitsa kawiri, poti matayala onse amaponda mzere umodzi.

Tsopano nthaka, ndipo apa ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo. Chida cha DCP chili ndi hamala ya makilogalamu 8 yogwa kuchokera pa mamilimita 575, ndi nsonga ya madigiri 60 yotambalala mamilimita 20. DN ndi mamilimita amene nsongayo yalowa pa kumenya kamodzi: nambala ikachepa, nthaka ndi yolimba. Timakhoma mpaka mamilimita 800, ndipo pulogalamu imagawa kuyako m'zigawo zisanu: zinayi za 150, chomaliza cha 200. Musanalembe chilichonse, onani kuti nsonga imene mwasankha m'kompyuta ndi imene inagwira ntchito kumunda, chifukwa ilipo ina ya madigiri 30. Lembani nambala yoyambira ya pa rula, isanamenyedwe hamala. Onetsetsani ngati pepala la kumunda lalemba kuya konse kuchokera pamwamba kapena kusiyana kwa kuwerenga kulikonse, komanso ngati ndi mamilimita kapena masentimita. Wolemba akalemba 4.5 kutanthauza masentimita, inu n'kulowetsa ngati mamilimita, dambo limasanduka thanthwe pa kompyuta. Pamene nsonga inagunda mwala n'kuima, musalowetse ngati nthaka yolimba. Pafunika kukhomanso pambali pang'ono.

Chachikulu kuposa zonsezi ndi tsiku limene munakhoma. Makande mu Okutobala amauma gwa, hamala n'kumachita kudumpha, DN n'kutuluka yaing'ono yosangalatsa. Malo omwewo mu Febuluwale ndodo imalowa ngati m'phala. Pulogalamu siingadziwe zimenezi pokhapokha mutaiuza. Njira ya m'buku la 2013 imakupatsani mwayi wosankha percentile ya DN, kutanthauza DN imene mayeso angapo mwa 100 aliwonse saiposa: 80 ngati msewu udzakhala wonyowa kuposa tsiku loyeza, 50 ngati chinyezi chidzafanana, 20 ngati udzakhala wouma kuposa pamenepo. Ndiye mukayeza m'chilimwe pa chigwa cha Shire n'kusiya 50, mwanamiza kompyuta. Nthawi yabwino yoyeza ndi kumapeto kwa dzinja, cha mu Malichi kapena Epulo, nthaka itamwa madzi okwanira. Ndipo pa kilomita iliyonse kumbani dzenje limodzi kapena awiri, mutenge dothi m'thumba lomanga bwino, akaliyeze chinyezi ku labu kuti mudziwe ngati lili pamwamba kapena pansi pa OMC, chinyezi chimene dothi limatsendereka nacho bwino koposa. Popanda nambala imeneyo, percentile mukungoilota.

Kufupi ndi nyanja kuli nkhani inanso. Madzi a pansi pa nthaka amatsatira nyanja, osati mvula ya sabata imeneyo yokha. Mu 2024 nyanja inakwera n'kulowa m'malo ogona alendo ndi m'nyumba za m'mphepete, ndipo msewu wa zaka 15 udzakumana ndi chaka chotere. Funsani akuluakulu a m'mudzi pamene madzi anafika, muone zizindikiro pa makalavati ndi pa makoma. Pakati pa msewu pakhale pokwera ndi mamita 0.75 kapena kuposa kuchokera pansi pa ngalande. Ngati malowo sakulola, musasankhe zoti nthaka idzakhala youma. Lowetsani mphamvu ya dothi lonyikidwa m'madzi masiku 4.

Mchenga uli ndi khalidwe lake. Wouma, wosapanikizidwa, umapereka DN yaikulu pamwamba ngati kuti ndi wofooka, chonsecho ukatsenderedwa ndi madzi okwanira n'kutsekeredwa m'mbali umanyamula bwino. Musathamangire kuutaya n'kukatenga gravel kutali. Uyeseni kaye ku labu pa chinyezi ndi katsenderedwe kamene mudzagwiritse ntchito. Makande ndiye ayi. Ngakhale DN itakhala yabwino, pulogalamu siiona kufufuma ndi kunyala kwake, kumene kumang'amba phula motsata m'mphepete. Zimenezo zimaoneka pa PI (muyezo wa kumata kwa dothi) ndi pa mayeso a kufufuma, ndipo mankhwala ake ndi a pamalopo: kukweza msewu ndi dothi losafufuma, kuthira phula mpaka m'mapewa, ndi kutalikitsa ngalande.

Musalowetse msewu wonse ngati chigawo chimodzi. Njira yochoka pa mlatho wa Bakili Muluzi kukwera ku Namwera imayamba m'chigwa n'kukathera m'mapiri, nthaka zosiyana kotheratu. Gwiritsani ntchito cusum ya m'pulogalamu, njira yophatikiza manambala motsatana, kuti mupeze pamene mphamvu ikusintha, kenako yerekezani malirewo ndi zimene maso anaona. Kadambo ka mamita 200 kapatuleni kakhale pakokha, kasakokere pansi makilomita asanu abwino, komanso kasabisike m'kati mwawo.

Amene mukugwiritsa ntchito CBR (muyezo wina wa mphamvu ya dothi) ndi matebulo, magulu ake ndi S1 pa CBR 2, S2 pa 3 mpaka 4, S3 pa 5 mpaka 7, S4 pa 8 mpaka 14, kupita m'mwamba. Road Note 31 imafuna CBR imene mayeso 90 mwa 100 akuiposa, osati ya pakatikati. Pulogalamu ikafuna modulus (muyezo wa kusapindika kwa gawo likapondedwa), samalani ndi lamulo lachidule lochulukitsa CBR ndi 10. Pa CBR 5 limapereka 50 MPa, ndipo njira ya TRL (bungwe la ku Britain lofufuza za misewu), 17.6 kuchulukitsa ndi CBR yokwezedwa ku 0.64, imapereka 49, zikugwirizana. Koma pa CBR 15 lachidule likuti 150 pamene ya TRL ikuti pafupifupi 100. Onaninso mayunitsi, poti mapulogalamu a ku America amakonda psi, ndipo 1 MPa ndi 145 psi. Gawo la gravel musalipatse modulus yaikulu ngati pansi pake pali pofewa. Silingatsenderedwe kufika pamenepo, ndipo kawirikawiri siliposa kawiri kapena katatu ya gawo la pansi pake.

Mpweya wa m'matayala nawo usinthidwe. Njira ya ku South Africa inazolowera 520 kPa, koma malole a masiku ano amapopa 700 mpaka 800, ndipo kusiyanako kumagwera pa phula ndi gawo lapamwamba. Kutentha ndiye musakusiye pa nambala imene mwaipeza. Ku Mangochi mpweya umadutsa madigiri 35 mu Okutobala ndi Novembala, ndipo phula lakuda masana limatha kufika pa 60. Asphalt yotentha chonchi imafewa, modulus yake imatsika kwambiri poyerekeza ndi ya pa madigiri 20 imene mabuku ambiri amalemba. Lowetsani ya kutentha kwa kuno, musankhe phula lolimbirapo la 60/70 m'malo mwa 80/100, makamaka pa zitunda zokwera ku Namwera ndi pa malo oimapo mabasi, pamene magalimoto olemera amayenda pang'onopang'ono n'kukumba mikwasa.

Musanasindikize, bwerezani kuwerengera katatu: koyamba katundu mutamuonjezera ndi 25 peresenti, kachiwiri nthaka mutaitsitsa gulu limodzi, kachitatu zonse ziwiri pamodzi. Bokosi limene lasintha kukhuthala kwambiri ndi limene likufunika kubwerera nalo kumunda, kaya ndi sikelo kaya ndi DCP. Ndipo m'fayilo ya pulaniyo lembani pambali pa nambala iliyonse kumene yachokera, tsiku loyeza, ndi chinyezi cha tsikulo, kuti woyang'anira ntchito akadzapeza dothi losiyana pokumba adziwe bokosi loyenera kusintha.