Lata lapamwamba lidikire kaye

Mchira ndi mapiko a Sling 2 yanga, ndege imene ndikumanga ndekha, zinatha, zili pakhoma la galaja. Pano ndafika pa thupi la ndege, koma sabata ino mfuti ya marivet, misomali yolumikizira malata, sinalireko. Ndangokhala ndikumanga ndi ma cleco, tizipanira togwira malata mongoyembekezera, kumasula, n'kumalemba pa katoni chimene chiyambe ndi chimene chitsatire.

Thupi la Sling lili ndi zigawo ziwiri zikuluzikulu: chakumbuyo chimene chimanka chiwonda kulowera kumchira, ndi chapakati pamene pamakhala mipando ndi pomangirira mapiko. Ndayambira chakumbuyo. N'chopepuka, munthu mmodzi amachitembenuza yekha pabenchi, komanso galaja yanga kuno ku Johannesburg ndi ya galimoto imodzi basi. Tsiku limene zigawozi zidzalumikizane, poponda padzatheratu, choncho ntchito zonse zapabenchi zithe kaye.

Pamene pandidyera nthawi ndi pa lata lapamwamba. Marivet a ndegeyi ndi okoka, aja umangolowetsera mbali imodzi, ambiri a 3.2 mm, ena a 4 mm. Safuna mnzako wogwirizira chitsulo kuseri ngati mmene amachitira omanga ndege ya RV-7 ya kampani ya Van's. Ndiye ntchito imathamanga mpaka kukupusitsa. Madzulo amodzi okha ungathe kutseka chigawo chonse, chonsecho mkatimo muyenera kudutsa zingwe za rudder (chiwongolero choimirira cha kumchira), ndodo yokankha elevator (chokwezera ndi kutsitsira mphuno ya ndege), mawaya a trimu (kachipiko kothandizira elevator) ndi a nyali, komanso waya wa antena. Ukatseka zimenezi zisanalowe, watsala ndi njira ziwiri zowawa. Ukwawe chafufumimba m'kati mopanikiza, tochi ili kukamwa, kapena uboole marivet n'kuwachotsa, ndipo bowo loboolanso silichedwa kukula. Bowo likakula, rivet ya saizi yake sigwiranso bwino.

Ndiye ndagwirizana ndi mtima wanga motere. Nthiti ndi timizati tautali ta m'kati mwa thupi ndizichotsa kaye tizitsulo totsalira m'mphepete mwa mabowo, kenaka ndipake primer, penti woteteza chitsulo kuti chisadyeke, pamalo pamene aluminiyamu amagundana, poti chinyezi chimabisala pamenepo. Ena amapaka paliponse, ine ayi, penti nayenso ndi katundu amene ndege idzasenze moyo wake wonse. Zikatero ndimange lata lapansi ndi a m'mbali, koma rivet yoyamba isanalowe, chigawo chonse chiime pa ma cleco, ofiirira aja m'mabowo a 3.2 mm, akuda m'mabowo a 4 mm, n'kuchiyeza ndi levulo kutsogolo ndi kumbuyo kuti chisapotoke. Thupi likapotoka lili pa ma cleco umangomasula n'kukonza. Likapotoka lili pa marivet, lapotoka basi. Pokhoma ndiyambira pakati kumka kunja, kuti lata lisatukumuke.

Pali zina zimene buku la malangizo silingakusankhire, chifukwa zimadalira mwini ndege. Autopilot, chipangizo choyendetsa ndege pachokha, sindigula chaka chino, ndalama zake zikupita ku injini, Rotax 912 ULS ya mahosipawa 100. Komabe tizitsulo tomangirapo ma servo ake, timamota tokankha ziwongolero, ndiika panopa m'kati mukadali poyera, pamodzi ndi mawaya ake. N'chimodzimodzi tizigamba tolimbitsa lata pamene padzakhale antena. Za parachute ya ndege yonse ndiye sindinamange mfundo, ndipo ndiyenera kutero ndisanalumikize zigawozi, popeza zingwe zake zimagwira mafupa enieni a thupi.

Chinanso, kuno ku South Africa ndege yomanga wekha imayenera kuonedwa ndi Approved Person, woyendera wovomerezeka ndi SACAA, bungwe loona za ndege kuno, ndipo bamboyo sangaone kupyola lata. Lapamwambalo likhala pa ma cleco mpaka atabwera, atasuzumira, atasaina.

Waya wa antena, RG400, sunafike. Podikira ndayamba kusenda pulasitiki pa zidutswa za chigawo chapakati ndi kuziika manambala ndi maka.