Pikapu ya banja iyesedwe pa mpando wakumbuyo

Inu amene mukufuna pikapu yapakatikati yoti banja liziyendera tsiku ndi tsiku, musakopeke ndi mphamvu ya injini yokha, chifukwa Toyota Hilux, Ford Ranger ndi Isuzu D-Max zonse zimakoka mokwanira. Nkhani yagona pa mpando wakumbuyo. Galimoto zambiri za mtunduwu zili ndi masipuling'i a zitsulo zosanjikizana amene anapangidwira katundu wolemera, ndipo zikakhala zopanda katundu zimadumphadumpha, ana n'kufika atatopa ngakhale ulendowo unali waufupi. Nissan Navara imene inatuluka mu 2014 inayesa kuthetsa vutoli poika masipuling'i opiringizika pa mitundu ina ya zitseko zinayi, ngakhale kuti zoyambirirazo zinkatsika kumbuyo zikalemedwa.

Pokayesa galimoto, khalani kumbuyo inuyo wina akuyendetsa, muone ngati chotsamira chili chowongoka kwambiri, ngati maondo akugunda mpando wakutsogolo, komanso ngati pali zomangira za ISOFIX zogwirira mpando wa mwana. Galimotozi zimapitirira mamita 5 kutalika, choncho kamera yakumbuyo, imene ena amaiyesa chokongoletsera chabe, ine sindingagule pikapu yopanda iyo.