Yalira, yayenda: zikomo nonse amene munagwirako sipanala

Loweruka lapitali galimoto ija inatuluka m'galaja yokha, popanda woikankha. Oyesa magalimoto aivomereza, nambala yaikidwa, ndipo ndayenda nayo makilomita 40 osagwetsa kanthu m'njira. Nonse amene mwakhala mukundifunsa kwa zaka zinayi kuti "Bwana, kodi chigoba chija chikadalipo?", yankho lanu ndi limenelo.

Ena mwina simukudziwa chimene ndimasowera kumapeto kwa sabata. Iyi amati kit car. Sugula galimoto, umagula mabokosi: chimango cha mapaipi achitsulo, malata a aluminiyamu, timatumba ta mabawuti tosawerengeka. Injini, giyabokosi ndi mabuleki umachotsa ku galimoto ina. Ine ndinaphwasula Mazda MX-5 imene thupi lake linali litadyeka ndi dzimbiri koma injini ili nganganga. Maonekedwe ndi a Lotus Seven, imene Colin Chapman anatulutsa ku Britain mu 1957, ya mipando iwiri, yopanda denga, yopanda zitseko, yolemera kungopitirira pang'ono theka la tani. Ambiri ankaigula m'zidutswa chifukwa ikakhala choncho sinkadulidwa msonkho wa galimoto yatsopano. Mu 1973 kampani yake ya Lotus inagulitsa ufulu wopanga Seven kwa kampani ya Caterham, imene mpaka lero ikuipangabe. Chapmanyo anakhalako kanthawi m'gulu la ndege zankhondo la RAF, ndiye anzanga akamandiseka kuti msilikali wamkulu akusewera ndi zidole, ndimawakumbutsa zimenezo. Sizithandiza, amasekabe.

Oyamba kuwathokoza ndi inu mayi a kunyumba. Munalola galimoto ya banja igone panja zaka zonsezi kuti chigoba chikhale m'galaja. Munakhala pampando wa plywood usiku wina maola awiri, ine ndili chagada pansi kutulutsa mpweya m'mapaipi a mabuleki, ndikukuwa kuti "Pondani! Gwirani pomwepo! Siyani!" Titafika tayala lachitatu munandiuza kuti kuno si ku perete, ndilankhule bwino. Munanena zoona. Ndipo chaka chimene ndinali kutali pa ntchito yosungitsa mtendere, ndinu munkavundukula tenti, kutchaja batire ndi kuthamangitsa makoswe amene anayamba kudya mawaya. Pafoni simunanditchulire n'komwe za makoswewo. Ndinangoona zotsatira nditabwera.

Koma amene anandiphunzitsa ntchitoyi ndi a Sajeni athu okonza magalimoto. Dzina sinditchula, sangakonde. Kuntchito amandichitira sawasha. M'galaja mwanga Loweruka zinthu zimatembenuka, ine ndimakhala wopatsira zida. Tsiku loyamba anapeza nditamanga kale mabawuti onse a kutsogolo ndi mphamvu zanga zonse, ndikunyada. Anangoyang'ana, n'kugwira imodzi, n'kunena kuti, "Bwana, masulani zonse." Anandipatsa torque wrench, sipanala ija imalira kuti tha ukafika pamlingo woyenera, nandiuza kuti bawuti yothina mopitirira imatamuka, ndipo yotamuka imaduka tsiku limene suli kuyembekezera. Anandiuzanso kuti mabawuti a masipuling'i samalizidwa galimoto ili m'mwamba pa jeke, amadikira itsike kuti ilemere pamatayala ake, apo ayi timalabala timapotoka n'kung'ambika msanga. Zaka zonse ndakhala ndikusayina mapepala a magalimoto okonzedwa ndi manja awo, osadziwa kuti mkati mwa siginecha yangayo muli zinthu ngati zimenezi. Manyazi anandigwira pang'ono, sindibisa.

Mwana wanga wamkulu, iwe unaboola ndi kukhoma ma rivet a malata a m'mbali mpaka zikhatho kutuluka matuza. Mzere wa kumanzere ndi wako, ndipo ndi wowongoka kuposa wanga wa kumanja. Aliyense wobwera kudzaona ndimamusonyeza.

Panali mwezi umene ndinatsala pang'ono kugulitsa zonse. Ndikatembenuza kiyi, injini imangoti kwe, kwe, basi. Ndinasintha batire, ndinakayikira sitata, ndinatsegula fyuzi iliyonse. Munthu wina amene sindinamuonepo, womanga mnzanga wa dziko lina, anaona chithunzi chimene ndinatumiza n'kufunsa funso limodzi: kodi pomwe waya wa earth, uja wobweza magetsi ku batire, wagwira chimango ndinapala penti? Sindinapale. Mphindi zisanu za sandipepa, injini inalira, utsi kuti tolo galaja yonse, agalu a aneba kuuwa. Achimwene, kulikonse kumene muli, zikomo. Anebanso zikomo, inali 11 koloko usiku.

Ngakhale bambo oyesa magalimoto amene munaibweza ulendo woyamba chifukwa paipi ya buleki inkakhudza chimango, ndinachoka nditakwiya, koma madzulo ake nditaigwira ndinapeza yayamba kale kuperepeseka. Landirani kuthokoza kwanga.

Mayi a kunyumba ndiwo anakwera koyamba. Anatsika tsitsi lili nyankhalala, n'kufunsa kuti denga libwera liti. Silibwera.

A Sajeni, sipanala yanu ya 13 imene munaifuna chaka chathachi ndaipeza, inali pansi pa mpando wa dalaivala. Ndibwera nayo Lolemba.