Pizza ya ku Napoli yandigwira mtima

Ndangotuluka kumene m'kalesitilanti kena kuno ku Napoli, ku Italy, zala zikununkhirabe timasamba tokometsera chakudya ta basil. Abale inu! Pizza yotchedwa Margherita aiponya mu uvuni wa nkhuni, pasanathe mphindi 2 yapsa kale. M'mphepete yofufuma, yowauka pang'ono, koma pakati yofewa moti umachita kuipinda kuti msuzi usatayike. Pamwamba palibe zambiri: tomato wa San Marzano, tchizi cha mozzarella, timasamba ta basil, mafuta a olivi, basi. Ndadya ndili chete.

Dzana ku Roma ndinalawa pizza yamakona anayi imene amadula ndi sizasi n'kukuyezera pasikelo. Ndi yabwino ndithu. Ya ku Chicago ku America, yakuya ngati mbale, tchizi pansi tomato pamwamba, ine imandilemera m'mimba. Koma Margherita iyi, mawa ndibwereranso ndisanakwere sitima.