Mmene mimba yanga inasamutsira mudzi wonse

Abale kuno ku Chigwa munthu wamkulu sathamanga popanda chifukwa. Ukaona bambo wa ndevu zake akuliyatsa liwiro sufunsa, umayamba kaye wathawa nawe, mafunso kutsogolo. Izi anthu a mu gulupu yathu yochepetsa thupi ya pa WhatsApp sakuzidziwa chifukwa onse ndi a ku Namiwawa ndi ku Area 47, anthu othamanga ndi galu wa pa chingwe.

Ine ndili ndi ka golosale pa Nchalo, ndipo ntchito yanga ndi kukhala pa mpando. Kukhala basi. Mwana amandipatsira ndi chenje chomwe. Ndiye ukaphatikiza kanyenya wa mbuzi yemwe sindimudutsa pa Dyeratu ndikamachokera kooda ku Limbe, thobwa wa mayi a Chiso, tiyi wa masipuni anayi poti ife ndi anthu okhala pakati pa minda ya nzimbe, mimba inangoyamba kufika malo ine ndisanafike. Kumudzi kwa akazi anga komwe tinamanga ankandilemekeza nayo heve, ati bwana zikuyenda. Apongozi anga amaloza ine akamadzudzula akamwini ena owonda aja.

Chinasokoneza ndi December, mutu unkandiwawa kumbuyoku ndiye ndinapita kuchipatala. Nesi wake kamtsikana kakang'ono koma pakamwa eeh. Kandimanga chija pa mkono, kayang'ana, kandimanganso. Kenako akuti bambo, BP ya munthu imafunika izikhala cha m'ma 120 pa 80, yanuyi yadutsa 150, mukufuna kusiyira ndani golosale? Sikelo inati 104. Anawerengera ndi msinkhu wanga nkundiuza kuti BMI yanga ndi 34, pomwe ikangopyola 30 ndiye kuti kunenepako ndi matenda kale. Ati chepetsani mchere, shuga, mafuta, ndipo muziyenda ndawala mphindi 150 pa sabata. Ndinatuluka mmenemo osakhutira, ndinakaima pa sikelo ya mavenda ogula chitowe pa msika, yomweyo inati 97. Kkkk makilo 7 kupita ulendo wa pa kabaza umodzi. Tsopano ndikumvetsa chifukwa chake alimi amalira.

Mu January mphwanga wa ku Blantyre anandiponya mu gulupu ija. Anthu oposa 200, kochi wake mnyamata wa pa jimu ina mtauni, mauthenga kuyambira 4 koloko mmawa, bandulo yanga ya pa sabata kutha Lachitatu. Lamulo loyamba: tumizani chithunzi musanavale malaya kuti tidzafanizire. Ndinamutuma Chiso andijambule kuseri kwa khola la mbuzi. Mayi a Chiso anatipezerera. Sanakalipe, anangofunsa mofatsa kuti bambo a Chiso, chithunzi cha mimba pamtundachi chikupita kwa ndani? Ndinawaonetsa gulupu kuti aone okha kuti ndi za umoyo, mwatsoka nthawi yomweyo mayi wina wa ku Lilongwe anali atangotumiza chake atavala zothina zija. Usiku umenewo ndiwo zinali therere lopanda mchere, ati si mwati adokotala aletsa.

Za dayeti ndisachedwepo. Kochi ati mmawa oats ndi green tea, masana saladi wa broccoli. Broccoli pa Nchalo? Ndinafunsa amayi a pa msika anandifunsa ngati ndi mankhwala a thonje. Ati nsima idyeni yofanana ndi chibakera chanu, apa pokha ndinagwirizana naye chifukwa chibakera changa Mulungu anandidalitsa. Apongozi atamva kuti ndabweza mtanda wachitatu anayitana mwana wawo kuseri, kumufunsa ngati mwamuna wake wayamba kudya kwina kapena akudwala matenda osanena.

Nkhani yeniyeni ndi yothamanga. Kochi analengeza chalenji ya masitepe 10,000 pa tsiku, tonse tiike apu yowerenga pa foni, ndipo ati nthawi yabwino ndi 5 koloko madzulo dzuwa likapepa. Ndinamuuza kuti achimwene, kuno 5 koloko dzuwa silipepa, limangosintha mbali yokuwotchera. Kwathu kuno timafika madigiri 40 osadabwa, mukatsika pa Thabwa muja mpweya umakulandirani wokha pa zenera la minibasi. Iye ati ndiye dzukani 4 koloko, thamangani musanadye musanamwe kanthu, mafuta amasungunuka bwino. Wina mu gulupu momwemo, bambo wodzitcha katswiri, anawonjeza kuti valani jumbo yakuda mkati mwa jekete kuti thukuta lituluke lambiri. Anthu anamuyikira timitima. Nesi uja nditamufotokozera pambuyo pake anagwira kumutu, ati thukuta ndi madzi chabe osati mafuta, mukanakomoka. Koma pa nthawiyo timitima tinali tambiri.

Ndiye Loweruka lina ndinadzuka kuli mdima, magetsi atazima ngati mwa masiku onse. Jumbo ndinaiboola pa mutu ndi m'manja, pamwamba thiraki suti ya pa kaunjika yokhuthala, inasokedwera anthu a kumayiko ozizira. Foni m'thumba. Kunali kutagwa kamvula madzulo ake, ndipo chakumtunda cha ku Mwanza kunkang'anima usiku wonse, wailesi nayo inali itachenjeza za mvula yamphamvu kumapiri. Sungani mfundo imeneyi.

Poyamba zinkayenda, ndinkangomva jumbo ikuti tswatswatswa. Nditadutsa tchalitchi ndinamva ngati wina wandikhala pa chifuwa. Nditafika pa njira ya kudimba, dothi lathu la makande lija likanyowa mukulidziwa, linandigwira nsapato ya kumanzere nkuimeza, ndinaisaka mu mdima osaipeza, ndinagweramo ndi mawondo. Thukuta linali litadzadza mu jumbo moti ndikaponda limakhutukira mu thalauza. Kukhosi gwaa, lilime lauma, maso akuona tinyenyezi. Ndinangoti ndikafike pa mjigo basi.

Pa mjigo panali mayi mmodzi wolawirira, ndowa ziwiri, mwana kumsana, ka tochi ka pa foni kukamwa. Anandiwunika. Tangoganizani zomwe anaona: chibambo chonyowa kuyambira kumutu mpaka kuphazi, matope mpaka m'chiuno, nsapato imodzi, chikuchokera mbali ya kumtsinje chili wefuwefu. Ine mawu onse anali atathawa, ndinangokwanitsa kutambasula dzanja nkuti, madzi... mayi... madzi... msanga.

Ndowa inagwa. Mfuu yomwe anakuwa mayi ameneyo ndikukhulupirira inamveka mpaka ku Ngabu. Madziii! Madzi akubweraaa!

Apa ndisaseke kwambiri. Anthu a kuno anaona madzi osefukira a 2015, anaona namondwe Ana mu January 2022, Freddy mu March 2023, ena anataya abale, ena mpaka lero sanamangenso bwinobwino. Ndipo aliyense amadziwa khalidwe la mtsinje wa Mwanza, kuno kutha kukhala nyenyezi kumwamba koma mvula itagwa kumapiri, madzi amangofika usiku osagogoda. Ndiye munthu akakuwa choncho mu January palibe amati tiyeni tikaone kaye. Wa komiti yoona za ngozi analiza wenzulo, wina anayamba kumenya chitsulo cha kutchalitchi, agalu, mbuzi, ana kulira, zitseko phwaa phwaa, matochi mbali zonse.

Tsono chomwe chimandipweteka mpaka pano ndi ichi. Ine nditawerama pa mjigo paja ndikumwa ndi manja, ndinamva anthu akukuwa kuti madzi afika kale kudimba. Kudimba komwe ndachokera ine! Ndinati Ambuye ndapulumuka pang'onong'ono. Ndinauyamba ulendo.

Abale ndinathamanga. Munthu yemwe mphindi zisanu zapitazo amafuna kufa ndinadutsa anyamata a mpira. Tonse tinkalowera kusukulu, ndi komwe kuli kokwererako, komwe timathawira nthawi zonse. Pa njira wina anandikoleka thumba la mapira pa phewa, ati bwana inu muli ndi thupi. Patsogolo pang'ono ndinapeza gogo wina atakhala pansi mu mdima atafunda chitenje kumutu, akuti miyendo yakana, ndisiyeni ndife. Ndinataya mapira, ndinamubereka. Anali wopepuka koma zikhadabo, anandigwira pakhosi ulendo wonse akupemphera, pena akunditukwana kuti ndikumugwedeza, pena akufunsa kuti kodi chikulira tswatswa mu malayamu nchiyani.

Tinafika pa sukulu kukuyera. Ndinagwada kuti gogo atsike, anachotsa chitenje kumutu, tinayang'anana. Apongozi anga. Mayi omwe zaka zonsezi tikakumana pa njira wina amapatukira kutchire, omwe ndimalankhula nawo nditanjuta chapatali nkhope ndikuyang'ana kumbali, ndawabereka kumsana mtunda wonsewo atandikumbatira. Iwo anangoti, ii ndi inu bambo? Nkudziphimbanso. Ine ndinayang'ana pansi nkuti mwadzuka bwanji amayi. Nanga ndikanati chani.

Mayi a Chiso anafika pambuyo ndi ana, wailesi ya kanema pamutu, chikwama cha ziphaso m'khwapa. Funso loyamba silinali loti muli bwanji ayi. Ati inu nyumba mwaidutsa kapena simunaione?

Dzuwa linatuluka. Madzi osaoneka. Wina anaimbira mbale wake wokhala kufupi ndi mtsinje, mbaleyo anayankha ali m'tulo, ati mtsinje uli phee, ng'ombe zikuwoloka. Anthu anayamba kuyang'anana. A nyakwawa anakhala pa desiki ya ana a sitandade 2 mawondo ali kukhosi, nkuti chabwino, wawaona madziwa ndani? Wa wenzulo ati ine ndamva chitsulo. Wa chitsulo ati ine ndamva wenzulo. Anakanganapo kaye pamenepo. Kenako wina ati anayamba ndi mayi a Fatsani, mayi a Fatsani ati ine ndamva kwa a pa mjigo. Ine nthawi yonseyi ndili nawo gulu lokwiya, ndinayankhulapo ndithu kuti anthu oterewa azilangidwa, ena tili ndi BP.

Mayi wa pa mjigo anaimirira, anayang'ana gulu lonse mmodzimmodzi, chala chinadzaima pa ine. Ndi bwana awo a golosale, anabwera atanyowa thupi lonse akuti madzi madzi msanga.

Bata lomwe linagwa pamenepo. Kenako jumbo ija, ndikupuma, inati tswa.

A nyakwawa anandiuza ndivule jekete. Ndinavula. Anthu mazana akuona bwana wa golosale atavala jumbo yakuda ngati diresi. Ndinayesa kufotokoza za BMI, za masitepe 10,000, za kochi. Iwo anamvetsera mpaka kumapeto, munthu wofatsa, nkufunsa kuti, tsono bwana, chimakuthamangitsani nchiyani? Ndinati palibe mfumu. Ati munkapita kuti? Ndinati kulikonse, kenako ndibwerere. Anatembenukira kwa nduna zawo nkuti mwamva? Gogo wina wa Chisena kumbuyo anangoti takhuta, nkunyamula nkhuku zake kumapita.

Chigamulo chinali mbuzi imodzi ya bwalo, ndowa ziwiri za mayi aja, thumba la mapira lomwe ndinataya poti mbuzi za anthu zinalipeza ife tisanabwerere, ndi nkhuku zitatu zomwe mwini wake akuti zinasowa mu chipwirikiti, ngakhale mudzi wonse ukudziwa kuti bambo amenewo chikhalire sanawetepo nkhuku. Anawonjezanso lamulo loti ndikafuna kuthamanga ndizidziwitsa a komiti dzulo lake, ndizinyamula botolo langa, ndipo ndisamayankhule ndi munthu ndisanapume. Mbuziyo inaphedwa tsiku lomwelo. Anandipatsa mwendo wonse poti ndine mwini, ndinadya, mtima unali utasweka.

Madzulo nditatchaja foni ndinapeza mauthenga osawerengeka. Apu ija imatumiza yokha zotsatira ku gulupu. Makilomita 6, masitepe kupyola a wina aliyense, ndipo chigawo chomaliza liwiro lake kochi anachita kulizunguliza ndi chofiira. Anandiika membala wa sabata. Ati onani bambo a ku Nchalo, makilo 104 koma alibe zifukwa, inu muli ndi jimu pafupi mukugona. Mayi wa ku Lilongwe uja anafunsa chinsinsi changa, ndinangoti ndimathamanga nditanyamula katundu. Ati wolemera bwanji, mwagula kuti? Mayi a Chiso anali akuwerenga nawo pa phewa panga, anandilanda foni nkuyankha okha kuti makilo 45, sagulitsa, ndi amayi anga.

Pano ndimayenda ndawala madzulo mu msewu wa M1 anthu akuona, botolo m'manja, ana akunditsatira akukuwa a Madzi a Madzi. BP yatsikako, nesi anamwetulira pang'ono. Apongozi akuuza aliyense kuti mkamwini wawo asachepetse thupi chifukwa ndi lomwe linawapulumutsa, ukawakumbutsa kuti kunalibe madzi amati nanga akanakhalapo?

Sabata ino kochi walengeza chalenji yatsopano, kusambira, ati sikupweteka mawondo, aliyense apeze madzi omwe ali naye pafupi. Ndamutumizira chithunzi cha ng'ona itayanika mano pa mchenga wa Shire. Wayankha ndi ka emoji ka mkono wa minofu, ati bambo a ku Nchalo tikudalira inu.