Ndege zakale zoponya mabomba mu FlightGear: masulani tayala lakumchira kuti ziyende bwino pansi

Dandaulo la anyamata ambiri amene amaulutsa B-17 kapena Lancaster mu FlightGear, pulogalamu yoyeserera kuulutsa ndege, pa laputopu kuno ku Zomba ndi limodzi: m'mwamba ndege ili bwinobwino, koma pansi n'zosayamba. Ina imakhota mofewa ngati galimoto, ukangogwira rudder, chiwongolero cha m'mwamba chimene chili kumchira, yatembenuka kale. Ina imakana kukhota, kenako mwadzidzidzi mchira wapitirira mphuno, yazungulira ngati nguli mpaka m'udzu. Zonse ziwirizi gwero lake ndi mizere yochepa ya mu fayilo ya ndegeyo, ndipo pozikonza simufunika makina amphamvu kapena mapedulo odula.

Choyamba n'kuvomereza kuti ndegezi zinalibe chiwongolero cha pansi. Pa B-17 tayala lakumchira limangotsatira kumene mchira ukupita, ndipo lili ndi loko amene amaligwira kuti liyang'ane kutsogolo basi. Woyendetsa ankakhota ndi injini ziwiri zakunja pamodzi ndi mabuleki a kumapazi, kumanzere paokha, kumanja paokha. Pa Lancaster, imene inauluka koyamba mu 1941, tayala lakumchira limazunguliranso lokha koma lilibe loko, ndipo mabuleki ake ndi a mpweya: mumafinya kachitsulo ka pa chiwongolero cha m'manja, kenako mapedulo a rudder ndiwo amagawa mpweyawo, wambiri ku tayala la mbali imene mwaponda. Ngakhale B-24 ndi B-25, zokhala ndi tayala kumphuno, tayalalo silinkawongoleredwa. Ndiye fayilo iliyonse imene yamangirira tayala lachitatuli ku rudder yanama, kaya ikuyenda mokoma bwanji.

Musanagwire chilichonse, konzani poyesera. Tsitsani malo a ku Chileka kamodzi ndi TerraSync, mbali ya FlightGear yokopera malo pa intaneti, mukatero izimitseni, apo ayi bandulo ithera kukopera mapiri amene simukuwafuna. Yambitsani pulogalamu ndi --airport=FWCL --runway=10 --disable-real-weather-fetch --wind=0@0. Mphepo izikhala ziro mpaka kumapeto kwa ntchito yonse, chifukwa mchira wa B-17 ndi waukulu moti kamphepo kochepa kamakankha mphuno, inu n'kumayesa kuti vuto ndi tayala. Sunganinso fayilo yoyambirira padera, magetsi athuwa akhoza kuthima muli pakati posintha.

Yambani ndi kulemera, osati matayala. Ndege yokhala ndi tayala kumchira kulemera kwake kumakumana kumbuyo kwa matayala aakulu, ndipo ndicho chimaipangitsa kukhala yosakhazikika: ikangoyamba kukhota, kulemerako kumakankhira mchira kunja kwa khona, kukhotako n'kumadziwonjezera kokha. Mtunda wochoka pa matayala aakulu kufika pamalo pamenepo ndiwo umalamula zonse. Tiyerekeze kuti ndi mamita 1.2, ndipo kuchoka pa matayala aakulu kufika kumchira ndi mamita 12. Tayala lakumchira lisenza gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera konse, ndipo pamenepo mpabwino poyambira. Likasenza zochepa kwambiri, loko sagwira ntchito chifukwa tayala silikuluma pansi, ndipo mukaponda mabuleki ndege imagwa champhuno. Likasenza zambiri, mchira umachedwa kudzuka ponyamuka ndipo ndege ikayamba kuzungulira simungaibweze. Muyeze mtundawu ndege itakhala pansi ndi matayala onse atatu, osati pa chithunzi cha ndege yogona mowongoka: mchira ukatsika, malo a kulemera aja, poti ali m'mwamba mwa matayala, amasunthira kumbuyo.

Apa pali msampha umene wagwira ambiri. FlightGear ili ndi njira ziwiri zowerengera kayendedwe ka ndege, JSBSim ndi YASim, ndipo siziyeza mofanana. Mu JSBSim, x imakula popita kumchira ndipo y imakula popita kumanja. Mu YASim, x imakula popita kumphuno, y popita kumanzere, m'mamita. Munthu akakopera manambala a matayala kuchoka kwina kupita kwina osatembenuza zizindikiro, mabuleki akumanzere amakakhala pa tayala lakumanja. Kuyesa kwake n'kosavuta: ndege ikuyenda pang'onopang'ono, dinani batani la koma, mphuno ipite kumanzere. Batani la kadontho, kumanja.

Masipuling'i aziwerengedwa, osangolota. Tengani ndege ya makilogalamu 25,000. Matayala aakulu asenza 22,500, lililonse 11,250, zimene ndi pafupifupi 110,000 N (ma newton, muyeso wa mphamvu). Ngati mukufuna kuti mwendo uzibonyera mamita 0.15 ndege itangoima, gawani 110,000 ndi 0.15, mupeza spring_coeff ya pafupifupi 735,000 N/M. Pa damping_coeff, chulukitsani 735,000 ndi 11,250, pezani square root yake, imene ndi pafupifupi 91,000. Kuwirikiza kawiri nambala imeneyo ndiye mlingo woti mwendo usadumphenso n'komwe, ndiye theka lake, 90,000, ndi poyambira pabwino. Chitani chimodzimodzi kumchira ndi makilogalamu 2,500. Anthu amakonda kuika sipuling'i yolimba kwambiri kumchira, ndipo popeza FlightGear imawerengera kayendedwe ka ndege ka 120 pa sekondi, mwendo wolimba mopitirira umanjenjemera, tayala n'kumagunda pansi, kuchoka, kugundanso. Tayala limene lili m'malere theka la nthawi silingawongole mchira. Dinani batani la / kuti mutsegule mndandanda wa ma property, muyang'ane compression-ft (kubonyera kwa mwendo) ndi WOW (ngati tayala lili pansi kapena ayi) pansi pa /fdm/jsbsim/gear/unit[2], limene ndi tayala lachitatu lija. Nambala ikamavina ndege itaima, bwererani ku sipuling'i.

Tsopano tayala lenilenilo. Mu JSBSim, pa contact ya mtundu wa BOGEY, max_steer ya 0 ndi tayala louma, 360 ndi tayala lozungulira lokha, nambala ina iliyonse ndi tayala lomvera chiwongolero. Ikani 360 kumchira, brake_group ikhale NONE. Matayala aakulu akhale 0, lina LEFT lina RIGHT. Mukatero pamabwera property ya gear/unit[2]/castered, ndipo loko wa B-17 ndi ameneyo: ikakhala 1 tayala lamasuka, ikakhala 0 lagwidwa. Imangirireni ku /controls/gear/tailwheel-lock motembenuza, ndipo onetsetsani kuti pamene tayala lagwidwa rudder isalipinde, lizikhala pa madigiri 0. Mu YASim ndi mzere umodzi wa control-input wokhala ndi control="CASTERING" pa property yomweyo, motembenuzanso, ndipo muchotseretu mzere uliwonse wa STEER umene mwaupeza pa tayalalo. Batani la l laling'ono ndilo limatseka ndi kutsekula loko.

Ndege ikangomasulidwa chonchi, ambiri amati yaipiratu, n'kubwezera zakale. Sinaipe, kungoti tsopano mabuleki ndi injini ziyenera kugwira ntchito imene rudder inkaba.

Rudder payokha pa liwiro loyenda pansi ndi yachabe, ndipo iyenera kukhala yachabe. Mphamvu yake imadalira liwiro la mpweya kulichulukitsa lokha, ndiye pa ma knot 10 ili ndi gawo limodzi chabe mwa magawo 64 a mphamvu imene ili nayo pa ma knot 80. Chimene chimaipatsako moyo ndi mphepo ya mapulopela. Lancaster ili ndi ma rudder awiri amene ali m'njira ya mphepo ya injini zamkati, motero kuwonjezera moto pang'ono pa injini zimenezo kumaidzutsa. B-17 ili ndi imodzi pakati, ndipo imadikira liwiro. Ngati fayilo yanu ikuwerengera mphamvu ya rudder ndi aero/qbar-psf yokha, mphepo ya mapulopela mulibe, muyenera kuiwonjezera nokha molingana ndi mphamvu ya injini zamkati, mochepa pa B-17, mochulukirapo pa Lancaster.

Mabuleki ndiwo pagona nkhani kwa ife a kiyibodi. Batani silidziwa pang'ono, limadziwa zonse kapena ayi. FlightGear imafewetsako pokweza mabuleki m'theka la sekondi, nambala imene ili mu controls.fullBrakeTime, koma pa ndege ya matani 25 theka la sekondi ndi mbama. Mu fayilo ya Nasal ya ndegeyo (Nasal ndi chinenero cholembera malamulo mu FlightGear) ikwezeni ifike 1.5 kapena 2, kuti kudina kwakufupi kuzipereka mabuleki ochepa. Musathamangire kutsitsa static_friction pofuna kufewetsa mabuleki. Nambala imeneyo, kawirikawiri 0.8, ndi yomwenso imagwira tayala kuti lisaterereke cham'mbali, ndiye mukaitsitsa ndege iyamba kuyenda chopingasa m'khona ndipo idzakwawa pamene mukuyesa injini mabuleki ali otseka. Siyani 0.8, dynamic_friction 0.5, rolling_friction 0.02, mukonze dzanja lofinya osati tayala.

Pa Lancaster lembaninso controls.applyBrakes kuti batani la b lizikweza property yanuyanu ya kachitsulo kaja, kenako kagaweni motere. Rudder imayenda kuchoka pa -1 kumanzere kufika pa 1 kumanja. Mabuleki akumanzere ndi kachitsulo kuchulukitsa ndi 1 kuchotsa gawo la rudder lopita kumanja, akumanja ndi kachitsulo kuchulukitsa ndi 1 kuchotsa gawo lopita kumanzere. Mapedulo ali pakati, matayala onse agwira mofanana. Mwaponda kumanzere mpaka pansi, lakumanja lamasuka. Zotsatira zilembedwe mu /controls/gear/brake-left ndi brake-right, osati mwachindunji mu fcs/left-brake-cmd-norm, chifukwa FlightGear imalemba pamwamba pa imeneyo nthawi zonse ndipo mudzadabwa kuti ntchito yanu yapita kuti. Ndimaona kuti njira ya Angereziyi ndi imene imakomera aliyense wokhala ndi joystick yopotokola kapena gamepad ya pamsika, chifukwa chala chimodzi ndi kupotokola basi zakwanira. Wofuna kukometsa angawonjezere thanki ya mpweya imene imachepa mukafinyafinya ndipo imadzaza pang'onopang'ono injini zili pansi, monga zinalili pa ndege yeniyeni, kumene woyendetsa wokonda mabuleki ankatha mpweya asanafike pa msewu wonyamukira.

Injini zimawerengedwa kuyambira engine[0], yakunja kumanzere, mpaka engine[3], yakunja kumanja. Onani kuti iliyonse ili pamalo pake enieni pa phiko, chifukwa zikaunjikidwa pafupi ndi thupi la ndege kusiyanitsa moto sikutembenuza kanthu. Kusankha injini imodziimodzi ndi mabatani a !, @, # ndi $ n'kochedwa pokhota. Pangani mabatani awiri anuanu, lina lowonjezera 0.05 pa throttle ya engine[0], lina pa engine[3], ndi lachitatu lozibwezera pamodzi. Pokhotera kumanzere: tsekulani loko ndege ikadali kuwongoka, kwezani engine[3], gundani pang'ono mabuleki akumanzere kuti mchira uyambe kusuntha, ndipo bwezani moto khona lisanathe, chifukwa chindege chotere chimapitiriza kutembenuka chokha. Chikamaima nthawi yomweyo mukangosiya, kapena chikamayamba kutembenuka mothamanga, izz ya mu mass_balance, nambala yoonetsa mmene ndege imakanira kutembenuka, ndi yochepa. Mapiko a mamita 31 odzaza mafuta ndi injini zinayi ndi katundu wovuta kumuyambitsa ndiponso wovuta kumuimitsa.

Poyesa, yang'anani /velocities/groundspeed-kt ndi /orientation/yaw-rate-degps. Pa ma knot 5, amene ndi mamita 2.6 pa sekondi, khona la mamita 20 kuchoka pakati limafuna madigiri 7 kapena 8 pa sekondi, kutanthauza masekondi 12 kuti mutembenuke madigiri 90. Tayala lamkati lizigudubuzikabe, oyendetsa ankaletsedwa kuzungulira pa tayala loima chifukwa zimapotokola tayala ndi mwendo womwe. Loko ali wotseka, ndegeyo izikana kukhota ngakhale musiyanitse moto pang'ono. Mukaona tayala lakumchira likugwedezeka uku ndi uku pa chithunzi ndege itaima, si vuto la kayendedwe: JSBSim imapeza kumene tayala layang'ana kuchokera kumene likupita, ndipo pa liwiro la ziro kumeneko kulibe. Uzani animation isunge malo omaliza liwiro likatsika pansi pa knot imodzi.

Kenako kunyamuka. Mapulopela a Merlin pa Lancaster, powayang'ana muli kumbuyo, amazungulira motsatira wotchi, ndipo ndege imakokera kumanzere, makamaka pamene mchira ukudzuka. Oyendetsa ankatsogoza moto wa injini zakumanzere mpaka rudder italuma. Yanu ikamakokera kumanja, sense ya thruster, yonena mbali imene pulopela ikuzungulira, yatembenuka. Ikamathamanga mowongoka popanda inu kuchitapo kanthu, onani p_factor, nambala ya kukokera kumbali kwa pulopela, mwina ndi ziro.

A FSX (Microsoft Flight Simulator X) ntchito ndi yomweyi mu aircraft.cfg: pa mzere wa tayala lakumchira mu contact_points, madigiri a chiwongolero akakhala 180 tayala limazungulira lokha, tailwheel_lock=1 imapereka loko pa Shift ndi G, ndipo differential_braking_scale mu gawo la brakes imagawa mabuleki potsatira rudder, zimene zikuyenera Lancaster koma osati B-17.

Zonsezi zikakhazikika, bwezerani mphepo. Ikani --wind=140@12, ngati mwera wa mu June, muli pa msewu 10 wa ku Chileka. Mphepoyo ikuchokera kumanja, ikankha mchira kumanzere, mphuno n'kufuna kuloza kumanja. B-17 yokhala ndi loko wotseka iyenera kugwira mzere ndi moto wowonjezera pang'ono pa engine[3]. Lancaster idzakupusitsani, chifukwa mphepo ya kumanja ikulimbana ndi kukokera kwake kwa kumanzere ndipo iwoneka yofatsa. Itembenuzeni muiyese pa msewu 28 ndi --wind=230@12, mphepo ichokere kumanzere, kuti ziwirizo zikokere mbali imodzi. Ngati pamenepo ikugwirika ndi injini zakumanzere zotsogola komanso rudder yonse pofika ma knot 50 kapena 60, popanda kufinya mabuleki, manambala anu ali pafupi. Ikathawira m'udzu isanafike ma knot 30, bwererani ku mtunda wa kulemera uja ndi mphepo ya mapulopela pa rudder, musanagwirenso china.